Foni Yopachikidwa pa Thanki

Komboni ya Magamu, Selous
5 Juni 2023

Wokondedwa mlongo wanga Morrison,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu Rumbi ndi kamwana kathu Anotida. Kuno tilipo, kupatula chisanu chimene chatilowa m'mafupa, ndi maso a Amayi amene andigwiritsa cholembera lero.

Usadabwe kulandira kalata m'zaka zino za mafoni. Takubipa mwezi wonse, monga unatiphunzitsira iwe mwini kuti, "Musamawononge mari yanu, ndalama n'zovuta, muzingoliza kamodzi n'kudula, ine ndiziimba." Ife mbali yathu tikuisunga mokhulupirika. Yako sindidziwa unaisiya kuti. Ndiye ndati ndilembe ndipatsire Lovemore wa kombi, minibasi yodutsa kwanu ija, iyeyo akalandira chinthu amafikitsa.

Nkhani ndi iyi. Ng'ala ija yakula m'maso onse awiri. Amayi tsopano munthu amamudziwa ndi mawu basi. Lamlungu anaimba nyimbo yonse buku lili chadodolido, ndipo palibe analimba mtima kuwauza. Sabata yatha ndinapita nawo ku Chegutu, ku holo ya tchalitchi kumene kumabwera madokotala a maso aja kamodzi pa chaka, ochotsa ng'ala mwaulere. Nesi wake, Sisita Makanaka, anawaunika ndi katochi, nati diso lamanja litheka, n'kuwalemba dzina. Tsiku lobwera madokotala nayenso sakulidziwa, akuti mwina Ogasiti mwina Seputembala. Akadziwa adzatiimbira. Amene sayankha foni malo ake amapatsa wina, poti odikira ndi ambiri. Tinasiya nambala ya Amayi.

Ndiye foni ya Amayi yakwezedwa udindo. Ukudziwa kuti kuno netiweki imagwira malo amodzi okha, pa miyendo ya thanki ya madzi, mbali yoyang'ana kuphiri kumene kuli busita, nsanja ya mafoni ya kampani yanu ija. Chibwerere iwe komaliza misomali yachuluka pamenepo. Banja lililonse lili ndi msomali wake, ndipo m'mawa munthu amalowetsa foni mu sokosi n'kukapachika asanapite kumunda. Mlendo akafika amayesa tachapa. Ikalira, amene ali pafupi amakuwa mtundu wa sokosi, mwini wake n'kutaya khasu. Ya Amayi ili mu sokosi yako ya sukulu yobiriwira ija. A Yoswa, mkulu wa mpingo, asuntha yawo kuti ya Amayi ikhale pa msomali wapamwamba, pamene timizere timafika tiwiri. Amayi amanyamula mpando m'mawa n'kukhala pansi pa thanki mpaka dzuwa kupendeka, moti asanduka mlonda wa mafoni a komboni yonse. Sakuona, koma kaliridwe ka foni iliyonse amakadziwa ngati kulira kwa adzukulu.

Batire ya foni yawoyo yatupa, tikuimanga ndi mphira. Tumiza ina, ndi shuga ngati Rumbi alola.

Chinanso, Lachinayi kunabwera anthu a zipewa zolimba ku busita. Anajambula, anayeza, n'kumapita. A Yoswa atawafunsa anangoti, "Tikungoyendera, madala." Iwe uli mkati, tiuze, akufuna kuiwonjezera mphamvu?

Amayi akupereka moni. Akuti Anotida anamuona komaliza ali wakhanda, ndiye diso likatseguka akufuna adzaone ngati mphuno ija inakonzeka.

Ndine mlongo wako,
Felista


Rimuka, Kadoma
18 Juni 2023

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu yandipeza, itayamba yakaona mzinda wa Harare kangapo m'thumba la jekete ya Lovemore. Tonse tili bwino. Anotida ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chishona, monga ana onse a mu Rimuka. Mphuno ikadali yomwe ija. Auzeni Amayi asayembekeze kwa dokotala zimene zinakanika Mlengi.

Za kubipa, mlandu ndauvomera. Ndimaona, ndimati ndiimba ndikatuluka mu msonkhano, koma kuno msonkhano umabereka unzake usanathe.

Mwafunsa za anthu a zipewa. Ndikufotokozereni monga anatifotokozera ife ku hotela, titakhuta nkhuku ya kampani. Kale kampani iliyonse inkamanga nsanja yakeyake, moti pa phiri limodzi mumapeza nsanja zitatu zitaima ngati akazi a pamitala osalankhulana, iliyonse ndi jenereta yake, mlonda wake ndi mbava zake. Tsopano akuluakulu azindikira kuti n'kuwononga. Akuti tizigawana: nsanja imodzi, aliyense azipachikapo mbale zake za netiweki. Kunena mwachidule, kampani yathu ikukakhala loja pa nsanja za eni. Inu simunachitepo lendi chipinda m'nyumba ya munthu, Achemwali. Ine ndiye ntchito yanga muno mu Rimuka. Umalipira nthawi yake, koma kubafa umalowa womaliza, ndipo chingwe choyanikapo umapeza chadzaza.

M'mbali mwa msewu wa ku Harare, pafupi ndi masitolo a pa Selous, anzathu aja ali ndi nsanja yaitali. Pali maganizo oti zida za ku Magamu zisamukire kumeneko. Ndati maganizo. Ku ofesi maganizo ambiri amafera m'fayilo osaona dzuwa. Vuto la busita yanuyo n'loti imamwa dizilo ngati thirakitala, mabatire ake mbava zazolowera, ndipo siibweza kanthu. Kompyuta yathu imawerenga munthu amene waimba n'kulipira. Wobipa samuona. Kwa kompyuta, Magamu ndi phiri, mitengo ya bulugamu ndi anyani ochepa. Nditaona ndinaseka, kenaka ndinakumbukira amene anakuphunzitsani kubipa, kusekako kunatha.

Musade nkhawa, ndipo Amayi musawasokoneze nazo. Ngakhale zitachitika, nsanja ya kumsewuyo ndi yaitali kuposa yanu, ndipo pa mapu athu Magamu yapakidwa mtundu wobiriwira, kutanthauza kuti netiweki idzafika bwinobwino. Mapuwo ndimawadziwa.

Batire ndi shuga zili m'kajumbo. Rumbi walola, ndipo wawonjezera sopo kuti musamuyese woipa.

Za maso a Amayi ndasangalala kwambiri. Tsiku la opaleshoni ndidzawaperekeza ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Morrison


Komboni ya Magamu
9 Julayi 2023

Morrison,

Moni kwa nonse. Batire tinalandira, zikomo, ikugwira ntchito bwino kwambiri. Foni ya Amayi tsopano imakhala yoyaka tsiku lonse popanda choimva.

Maganizo ako aja sanafere m'fayilo. Abwera pa lole. Lolemba anthu a zipewa anakwera busita, anatsitsa mbale zoyera zija ndi zingwe, ananyamula ndi jenereta yomwe. Pa phiri patsala mafupa okhaokha.

M'mawa mwake tinapachika masokosi monga mwa masiku onse. Pofika masana palibe inalira, ngakhale mauthenga a kampani yanu otinyengerera kugula nyimbo. Amayi anati, "Kodi lero a m'tauni atikwiyira onse pamodzi?" A Yoswa anatolera mafoni m'matumba a jekete n'kukwera makwerero mpaka pamwamba pa thanki, ndi ukalamba wawo uja, n'kumakweza foni imodziimodzi kumwamba ngati akudalitsa chopereka. Akazi awo ali pansi kukuwa, "Tsikani bambo inu! Mukagwa tiimbira ndani?" Anatsika opanda kamzere n'kamodzi komwe.

Tayesa pa chulu cha kumanda, tayesa padenga la shedi ya fodya. Ikugwira kumsewu waukulu basi, ndipo ukudziwa kuti ukanyamuka m'mawa umakafika dzuwa litatentha. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinayenda mpaka kumeneko. Ndinakuimbira, osati kubipa, kuimba kwenikweni ndi mari yanga. Foni yako inalira mpaka kutopa.

Anthu akundifunsa, "Kodi mlongo wako uja si wa kampani yomweyi?" Ndikumayankha kuti iwe uli ku Kadoma, awa anachokera ku Harare. Amayi ndawauza kuti busita yagwetsedwa, koma akuti, "Morrison ali mkati, sangalole. Akukonza." Ndiye mpando ukupitabe ku thanki m'mawa uliwonse.

Tsopano tamvera. Sisita Makanaka akaimba satipeza. Nambala yake sindinatenge, mutu unali pa kugwira Amayi dzanja. Iye amapezeka pa holo paja Lachitatu lokha. Ine ndayamba ganyu yokumba mbatatesi pa puloti ya kutsidya, ndipo kapitawo wanena kuti wojomba tsiku limodzi asabwerenso, pampanda pali anthu akudikira. Ganyu imeneyi ndiyo tidyere mpaka mvula. Komabe ukandiuza kuti netiweki siibwerera, ndijomba ndipite. Kapena iwe, poti galimoto ya kampani imadutsa pa Chegutu, utsike ukamupatse nambala yako.

Undiyankhe zomveka, osati za akazi a pamitala. Ibwerera kapena siibwerera?

Felista


Rimuka, Kadoma
20 Julayi 2023

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Yankho lomveka ndi ili: ibwerera. Musajombe, kumbani mbatatesi zanu. Za ku Chegutu zisiyeni m'manja mwanga, Lachitatu likubwerali ndikatsika pa holo.

Chachitika n'chimene chimachitikira loja aliyense. Titafika ndi mbale zathu pa nsanja ya kumsewu tinapeza eni nyumba atatenga kale pamwamba ponse. Ife anatilozera m'munsi, cha m'chiuno mwa nsanja. Mbale zathu zitatu, imodzi tinailozetsa ku Harare, ina ku Chegutu, kuti a m'mabasi asadukidwe nkhani zawo, ndipo yachitatu inalunjika ku mashedi a mlimi wamkulu wina amene amadziwa nambala ya bwana wathu pamtima. Chofunika tsopano n'kuipotoza yachitatuyo pang'ono kuti iyang'ane kwanu. Ndi ntchito ya sipanala imodzi ndi munthu mmodzi wosaopa kutalika.

Koma kuti munthuyo akwere pafunika chilolezo cha eni nsanja. Kuti chilolezo chituluke pafunika siginecha ya munthu amene ali pa tchuthi. Kiyi wa geti ali ndi mlonda, mlondayo ndi wa kampani yachitatu, ndipo ife satidziwa. Ndinaphunzira zaka zonse zija ku yunivesite za mmene mawu amayendera mumlengalenga, koma palibe anatiphunzitsa mmene pepala limayendera kuchoka pa tebulo kupita pa linzake. Limayenda pang'onopang'ono kuposa Lovemore. Komabe mwezi uno usanathe, kapena kumayambiriro kwa winawo, masokosi ayambanso kulira.

Foni yanu ya Lamlungu lija ndinaiona mochedwa. Pepani ndi ulendo.

Sabata zikubwerazi ndizikhala kwambiri ku Chakari. Kumeneko ndiye kampani imagona kutulo n'kumalota. Makorokoza, anyamata okumba golide aja, akapeza kamwala amaimbira dziko lonse, ngakhale anthu amene anadana nawo, kuti amve kuti zayenda. Netiweki ikangotsokomola kumeneko, bwana amatitumiza tonse ndi galimoto ziwiri.

A Yoswa muwauze asakwerenso thanki. Amayi muwauze kuti akunena zoona, ndikukonza.

Mlongo wanu,
Morrison


Komboni ya Magamu
13 Ogasiti 2023

Morrison,

Tili moyo. Kaya inu kumeneko.

Mwezi uja unatha, winawu wafika pakati. Sipanala ija sinapezeke? Anthu ambiri achotsa masokosi awo, ana ayamba kuvala. Patsala yobiriwira yokha. Amayi akuti anzawo alibe chikhulupiriro. Madzulo amandipatsa foni kuti ndione ngati pabwera kanthu, ine n'kuyang'ana, n'kunena kuti ayi. Amati, "Ndiye kuti madokotala sanafike." Amasangalala kuti sanaphonye.

Sunandiuze ngati unamupeza Sisita Makanaka. Lovemore akuti kalata yako iliyonse akanakhala nayo akanandipatsa, ndipo akuti ukamuona pa renki ya makombi umawoloka msewu. Ndatenga kuti kukhala chete kwako ndiye kuti zonse zili m'malo, nambala unapereka, ndipo ukudikira foni. Ngati si choncho tumiza mawu, ngakhale apakamwa. Mbatatesi zatsala pang'ono kutha.

Amayi andichapitsa kale diresi la ku Mvano, lili m'sutikesi, akuti foni ikalira pasadzakhale zochedwa.

Felista


Komboni ya Magamu
1 Seputembala 2023

Morrison,

Moni sindipereka, ndilibe.

Lamlungu kutchalitchi kunabwera mai a Fanizo a ku famu ya kumsewu, amene tinali nawo pa mzere ku Chegutu tsiku lija. Analowa okha, opanda wowagwira dzanja, atavala magalasi akuda ngati woimba gitala. Pa nthawi ya maumboni anaimirira n'kuwerenga vesi, kuwerenga ndithu, mpingo wonse nthungululu. Madokotala anabwera sabata yapitayo. Anachita ntchito yawo, anapita.

Ndinayang'ana Amayi. Anaomba nawo m'manja mpaka nyimbo kutha. Titatuluka anati ndiwaperekeze kwa mai a Fanizo, anawagwira kumaso n'kufunsa, "Zimapweteka, anzanga?" Iwo anati, "Ngati kulumidwa ndi nyerere basi. Koma inu munali kuti? Dzina lanu anaitana, nesi anati foni yanu sikupezeka." Amayi anati, "Tinatanganidwa." Titafika anati ndichotse diresi m'sutikesi lingachite makwinya.

Ndiye kuti ku Chegutu sunapite. Ukanangonena, Morrison. Mbatatesi n'chiyani?

Sizinathere pomwepo. Lachitatu kunabwera lole kudzazula mpanda wa busita. Mmodzi wa anyamata a pa loleyo, Never, akuti mumapemphera limodzi ku Rimuka, anatsikira kumjigo kudzamwa madzi. Azimayi a m'komboni anamuzungulira kumufunsa chimene tinawalakwira. Iye pofuna kudzipulumutsa anati, "Mhai, amayi anga inu, ife timangotumidwa. Funsani mukoma Morrison, si kwawo kuno? Ndi iwowo analemba kuti busita iyi ndi yakufa, ichoke." Ananena mokweza, akupukuta kukamwa, osadziwa kuti amene wagwira chidebe kumbuyo kwake ndi mlongo wako.

Palibe anandiyang'ana. Bola akanandiyang'ana.

Ndawerenganso kalata yako ya mu Juni. "Pali maganizo." Maganizo a ndani? "Mapuwo ndimawadziwa." Inde umawadziwa, monga nkhuku idziwira dzira lake. Amayi anakumba mbatatesi zomwezi kuti iwe ukaphunzire kupaka mapu mtundu wobiriwira.

Amayi amva kale, mjigo suli kutali ndi thanki. Mpando wabwerera m'nyumba.

Felista


Rimuka, Kadoma
2 Seputembala 2023

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanu ya pa 13 Ogasiti ndinalandira nthawi yake, Lovemore musamunamizire. Ndinaiika m'thumba la malaya, ndipo yakhala ikunditentha pamenepo mpaka lero. Ndayamba kalata ino kangapo ndi nthabwala, zonse zatuluka zowola, ndiye ndingonena.

Madokotala anabwera ndipo anapita. Amayi aphonya.

Lachitatu loyamba lija ndinali ku Chakari. Lachitatu lotsatira tinadutsa pa Chegutu bwana ali m'galimoto, ndipo ndinachita manyazi kunena kuti imani, mayi anga akusowa netiweki, pamene tinali kuchokera kokalandira chiyamiko chifukwa cha dizilo amene tapulumutsa. Ndinati Lachitatu linalo. Pambuyo pake ndinadziuza kuti palibe chifukwa, mbale ipotozedwa posachedwa, foni ya Amayi ilira yokha, ndipo palibe adzadziwe kuti panali vuto. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Mbale inapotozedwa pakati pa Ogasiti. Ndinakwera galimoto ndi makina oyezera, ndinalowa msewu wafumbi wa kwathu ndikuyang'ana timizere. Tinayi pa masitolo, titatu pa mlatho, kamodzi pa mphambano. Nditalowa m'mitengo ya bulugamu, zii. Mapu anga ankaganiza kuti tidzakhala pamwamba pa nsanja, ndipo mitengoyo ankaidziwa ili yaifupi, monga inalili chithunzi chimene ndinagwiritsa ntchito chikujambulidwa. Ine amene ndinatolamo nkhuni ndili mwana sindinaganize zobwera kudzaiyang'ana. Ndinaima pamene thanki imayamba kuonekera. Ndinaona kanthu kamodzi kakulendewera, ndi munthu atakhala pansi pake. Ndinatembenuza galimoto, Achemwali. Ndinali ndi nthawi, ndinali ndi mafuta, ndinatembenuza.

Ndati mapu anga. Lipoti loti busita ya Magamu ichoke ndinalemba ndine. Anandipatsa nsanja zingapo kuti ndisankhe zosapindulitsa, ndipo yathu inali pansi pa zonse. Ndikanatha kunena kuti kumeneko kuli anthu, ndikuwadziwa, amabipa chifukwa ndinawauza ine. Koma ku ofesi amandidziwa ngati mwana wa ku Kadoma. Palibe amadziwa za komboni, ndipo sindinafune kuti adziwire pa msonkhano.

Lachitatu lapitali ndinatsika pa holo. Sisita Makanaka anali kupinda mabenchi. Nditatchula dzina la Amayi anati, "Gogo aja oseka? Ndinaimba mpaka chala kuwawa." Anandiyang'ana malaya, pamene pali chizindikiro cha kampani, n'kunena kuti, "Inu a mafoni, anthu a kumafamu anakulakwirani chiyani?" Ndinati tikukonza. Pakamwa panazolowera. Dzina walisunga pa chaka chamawa, ndipo nambala tsopano ndi yanga. Ndafunsanso kwa madokotala olipiritsa ku Harare, mtengo wake ndikuuzani pamaso, pa pepala mungayese ndayambanso nthabwala.

Netiweki siibwerera. Ndalemba kupempha kuti aikeko kanthu kakang'ono koyendera dzuwa, koma pempholo lapita ku kompyuta yomwe ija.

Amayi musawauze, ndidzawauza ndekha. Ndibwera Loweruka la pa 16, ndipo Lamlungu lake ndikufuna a Yoswa andipatse mpata ndiime kutsogolo ndinene zonsezi pamaso pa mpingo. Anthu adziwe kuti si a ku Harare. Andinene mmene angafunire, mwina ndingayambenso kugona.

Mlongo wanu,
Morrison


Komboni ya Magamu
10 Seputembala 2023

Bambo a Anotida,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi Felista, ndamuuza alembe zimene ndikunena, osati zake. (Ndikulemba chifukwa andikakamiza. F.)

Muli bwanji kumeneko ndi mpongozi wanga ndi mwana? Ine ndili bwino, miyendo yokha.

Makalata anu anapambana panjira, yako ikubwera, ya Felista ikupita. Yako wandiwerengera kawiri, kachiwiri ndinamuuza achotse mawu amene amawonjezera yekha. Unati asandiuze. Mwana iwe, ine ndi maso amene anafa, makutu alipo.

Za diso ndamva. Ndinalira pang'ono, ndisakunamize, chifukwa ndinali nditawerengera. Ndinkafuna ndidzasankhe ndekha nyemba, ndidzaonenso pamene anagona abambo ako ngati anthu akulambula monga amandiuzira. Chaka chamawa, akalola Mwini wake. Ukamva foni ikulira uyankhe. (Amva? F.)

Tsopano za kuima kutsogolo kwa mpingo. Usayerekeze.

Ine ndawauza kale anthu kuti mnyamata uja Never ndi wosokonezeka, a Morrison ku Kadoma ndi ambiri, wanga ndi amene akulimbana ndi mabwana kuti busita ibwerere. Ndinanena kumjigo, ndinanena ku Mvano. Ena akhulupirira, ena akhulupirira chifukwa chondimvera chisoni, zonsezo kwa ine n'chimodzimodzi. Lamlungu a Yoswa anakupempherera ndi dzina kuti Mulungu akupatse mphamvu pamaso pa akuluakulu. Ndinavomera ameni mokweza. Ndachimwa, ndikudziwa, ndidzakamba naye ndekha Mulungu.

Sindine ndekha amene busita yandipweteka. Mwana wa a Simoni anachirira m'ngolo pa mlatho chifukwa panalibe poimbira galimoto, mwayi wake khanda lili moyo. Mai a Juliet maliro a mchemwali wawo ku Chakari anawamva ataikidwa kale. Anthu amenewa ndi amene amanditungira madzi Felista akapita ku ganyu. Ndi amene amandigwira dzanja popita kuseri. Ndi amene adzandikumbire manda, poti ife kwathu kwina tilibe. Iwe ukufuna ubwere, utule katundu wako pakati pa tchalitchi, ukwere kombi wapepukidwa, ukagone tulo. Nanga katunduyo adzatsala ndi ndani? Ine ndidzakhala mayi wa amene anatseka komboni pakamwa, nditakhala pakhonde kudikira kuti wina andipatse moni.

Ayi. Unasenza wekha, yenda naye. Ngati sukugona, usiku ndi wautali, uzilemba makalata kwa mabwana akowo mpaka atope nawe. Ukabwera, anthu akakuthokoza chifukwa chowamenyera nkhondo, uvomere, ugwire dzanja lawo, uwayang'ane kumaso. Chilango chako n'chimenecho, china ndilibe.

Felista akuti sakulankhula. Adzakuphikira koma sakulankhula. (N'zoona. F.)

Ubwere ndi mwana, ndi mafuta opaka miyendo aja a m'kabotolo kofiira. Malaya a kampani usavale. Ndipo unyamuke m'mawa kuti udzafike dzuwa lili pamutu, chifukwa nthawi imeneyo munthu akaima pakhomo ndimaonabe mdima wake. Udzaime pamenepo pang'ono usanalankhule, ndiyese ngati ndingakudziwe ndekha.

Ndine mayi ako,
Naphiri